Zotupa za Nyamakazi: Zimene Makina Ounikira Amaona ndi Zimene Sangatiuze

Kuchokera pa Biriwiri kulowera cha ku Lizulu, msewu wa M1 umatsata malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo zipatala zing'onozing'ono za m'derali zimalandira odwala a mbali zonse ziwiri za msewuwo. Ndi dera lozizira, la alimi a kachewere, kabichi ndi tomato, anthu amene tsiku lawo limatha ali chiweramire, chigwadire kapena katundu ali pamutu. Choncho dandaulo la nyamakazi silidabwitsa aliyense. Wodwala amalandira Panado kapena Brufen n'kubwerera kudimba, ndipo kwa ambiri zimenezo n'zokwanira. Koma pali ochepa amene nyamakazi yawo si ya kutopa kapena ya ukalamba. Zala za manja onse awiri zimawatupa, m'mawa amadzuka manja ali gwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo pakapita miyezi pamatuluka chotupa chofewa, chodzaza madzi, pachigongono, paphewa kapena kuseri kwa bondo. Munthu wotereyu akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha ku boma la Ntcheu kuti akamuunike, pamabuka funso: ndi makina ati amene angaone chotupacho, nanga zimene aonazo tizikhulupirire mpaka pati? Maganizo amene ndikuwaikira kumbuyo ndi akuti sikani wamba, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera, imaona zotupazi bwino lomwe, koma palibe chithunzi, kaya cha makina odula chotani, chimene chingatchule chomwe chayambitsa kutupako. Ku Ulaya kusiyana kumeneku n'kochepa. Kwathu kuno kungathe kupha munthu.

M'thupi muli timatumba tathyathyathya toposa 100, timene madokotala amatitcha bursa, toikidwa pamene mtsempha, mnofu kapena khungu zimakhulana ndi fupa. Ntchito yake ndi ya nkhata: mayi saika mtolo wa nkhuni pamutu popanda choyalapo, ndipo nalo thupi silisiya mtsempha uzikwecheka pafupa popanda chotchinjiriza. Kathumba kabwinobwino kamakhala kophwa, m'kati muli timadzi tongonyowetsa, moti munthu amakalamba osadziwa kuti ali nato. Tambiri mwa timatumbati ndi toyalidwa m'kati ndi nembanemba yofanana ndi imene imakuta molumikizana mafupa, ndipo nembanemba imeneyi ndi imene nyamakazi ya rheumatoid imalimbana nayo. Matendawa amayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonezeka n'kuyamba kuukira nembanembayo. Imatupa, imakhuthala, imamera timitsempha ta magazi tambirimbiri, imatulutsa madzi, ndipo ikakhalitsa imayamba kudya fupa limene yatsamirapo. Ndiye kathumba kakatupa mwa munthu wa matendawa si ngozi yapadera ayi. Ndi nthenda yomweyo, yangopeza malo ena okhala. Dzina lakuti rheumatoid arthritis analipereka dokotala wa ku London, Alfred Baring Garrod, mu 1859, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 18 miliyoni anali ndi matendawa, 70 mwa 100 alionse ali akazi. Chimene chinasintha m'zaka zaposachedwapa ndi kuzindikira kuti miyezi yoyambirira ndiyo yofunika kwambiri: mankhwala akayambidwa fupa lisanadyeke, manja amapulumuka, akachedwa, chala chopindika sichiwongokanso.

Apa ndi pamene X-ray imatigwiritsa fuwa la moto. Ndiyo imene anthu amaidziwa ndi kuikhulupirira, ndipo wodwala amene sanajambulidwe amaona ngati sanathandizidwe. Koma X-ray imaona fupa, pamene kathumba ndi nyama ndi madzi. Pachithunzi kathumba kotupa kamangooneka ngati kamthunzi kotuwa pambali pa fupa, mwinanso osaoneka n'komwe. Timaenje timene matendawa amakumba m'mphepete mwa mafupa a zala timatenga miyezi yambiri, kawirikawiri chaka kapena ziwiri, kuti tionekere. Malo amodzi amene X-ray imalankhulako za kathumba ndi kuchidendene, kumene kathumba kokhala pakati pa fupa ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kakatupa nthawi yaitali kamasiya kadzenje pamwamba pa fupalo. Umenewo ndi umboni wabwino, koma ndi umboni wa zimene zinawonongeka kale. Choopsa ndi mawu akuti "chithunzi chanu chili bwinobwino", chifukwa wodwala amawamva ngati akuti palibe matenda, ndipo amatuluka pageti la chipatala ulendo wa kwa sing'anga, kumene mwina ayamba kale kunong'ona kuti alipo wamuponda.

Sikani imagwira ntchito mwanjira ina: imatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu n'kumvetsera mmene akubwererera. Fupa limawatchinga, madzi amawalola kudutsa, ndipo chifukwa cha ichi madzi ndiwo chinthu chosavuta kuona pamakinawa. Tiyang'ane kuseri kwa bondo, kumene chotupa chake chimadziwika ndi dzina la William Morrant Baker, dokotala wa maopaleshoni wa ku London amene anachifotokoza mu 1877. Wodwala amagona chafufumimba. Woyeza amapaka mafuta oterera n'kuika mutu wa makina mopingasa, cha kumbali ya m'kati ya bondo. Pagalasi pamaoneka thumba lakuda bii, ndipo chizindikiro chimene chimatsimikiza n'chakuti thumbalo lili ndi kakhosi kopapatiza kolowera pansi, pakati pa mnofu wa katumba ndi mtsempha wochokera kuntchafu, kukalumikizana ndi bondo lenilenilo. Kakhosi kameneka kamalola madzi kutuluka m'bondo koma sikalola kubwerera mosavuta, n'chifukwa chake chotupacho chimangokulirakulira. Mwa munthu amene bondo langotha ndi ukalamba, madziwo amakhala akuda bwinobwino ndipo khoma la thumbalo ndi lopyapyala. Mwa wa rheumatoid khomalo limakhala lokhuthala, lamanyamanya, m'kati muli timizere ndi tizidutswa totuwa toyandama. Woyeza akadinikiza, madzi amathawira kumbali koma nembanemba yokhuthala imakhala pomwepo. Akatsegula mbali ya makina yoonetsa kuyenda kwa magazi, yotchedwa Doppler, m'khomamo mumayamba kuthwanima timadontho tofiira ndi tobiriwira, kusonyeza kuti kutupako kudakali kwamoyo. Zonsezi sizitenga mphindi 10.

Phindu la sikani limaoneka kwambiri tsiku limene thumbali laphulika. Madzi amatsikira m'katumba, mwendo umatupa, umatentha, umawawa, ndipo kungouyang'ana kapena kuugwira munthu sangasiyanitse ndi magazi oundana mumtsempha, matenda amene angathe kupha chidutswa chikathothoka n'kukatseka m'mapapo. Mankhwala ake ndi otsutsana: wa magazi oundana amafunika mankhwala osungunula magazi, pamene wa thumba lophulika akapatsidwa mankhwala omwewo akhoza kukhetsera magazi m'kati mwa mnofu. Kwathu kuno pali wachitatu wofanana nawo, chithupsa cha m'kati mwa mnofu, chimene chimapezeka kawirikawiri m'maiko otentha, makamaka mwa anthu a chitetezo chotsika. Sikani imalekanitsa atatuwa pakamphindi. Thumba lophulika limasongoka kumunsi m'malo mokhala lobulungira, madzi ali mizeremizere pakati pa minofu. Mtsempha wa magazi wabwino umaphwa ukadinikizidwa, wokhala ndi magazi oundana suphwa. Chithupsa chimakhala m'kati mwenimweni mwa mnofu, chopanda kakhosi kaja. Woyeza wochenjera amayang'anabe mtsemphawo ngakhale waona kale thumba, poti nthawi zina zonse ziwiri zimakhalapo.

Paphewa pali kathumba kakakulu ndithu kokhala pansi pa mnofu wa pamwamba, kamene kakakhala bwino sikapitirira mamilimita 2 kukhuthala kwake. Mwa odwala rheumatoid kamatha kufufuma mpaka phewa kuoneka lalikulu kuposa linzake, ndipo nthawi zina m'kati mwake mumadzaza tizinthu mazanamazana toyera, tosalala, timene madokotala amatitchula dzina la mpunga chifukwa cha maonekedwe ake. Timapangidwa ndi zotsalira za nembanemba ndi zoundana za m'madzimo. Si tolimba ngati fupa, choncho X-ray situona. Pa sikani timaoneka ngati timadontho totuwa todzadza thumba, ndipo pa makina ena ounikira otchedwa MRI timaoneka bwino kwambiri, takuda m'madzi owala. Pachigongono kathumba kali pansi pa khungu penipeni, ndipo sikani imathandiza kusiyanitsa madzi ndi timabuluzi tolimba timene rheumatoid imameretsa pamalo omwewo. M'chiuno muli kena kobisika kutsogolo kwa fupa la ntchafu, kamene kakakula kamatulukira mphechepeche n'kumaoneka ngati mwanabere.

Koma kumene nkhaniyi yakula kwambiri posachedwapa ndi kuphazi. Pakati pa mitu ya mafupa otsikira ku zala za kuphazi pali timatumba ting'onoting'ono timene kwa zaka zambiri palibe ankatilabadira. Ofufuza a ku Southampton ku England, pogwiritsa ntchito sikani, anapeza kuti odwala rheumatoid ambiri ali ndi timatumba totupa kuphazi timene dzanja la dokotala silinkatipeza. Kenako ofufuza a ku Leiden ku Netherlands, motsogozedwa ndi Annette van der Helm-van Mil, anaunika ndi MRI mapazi a anthu amene matendawa angowayamba, napeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali ndi kathumba kotupa pakati pa mafupawa. Izi zinasintha kaganizidwe, chifukwa kutupa kwa kathumba kunasiya kuonedwa ngati vuto la mochedwa n'kukhala chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira. Ndipo chili ndi mbali yooneka ndi maso: kathumbako kakafufuma kamakankha zala ziwiri zoyandikana kuti zitalikirane, mpaka pakati pake kuoneka mpata. Kwa anthu amene amayenda atavala patapata, chizindikiro chimenechi chili poyera kwa aliyense wofuna kuyang'ana pansi, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa ku Biriwiri akhoza kuchiona popanda makina alionse.

Kunena chilungamo, MRI imaposa sikani m'zinthu zingapo. Imaona timatumba tozama timene mafunde a sikani safikako bwino, imaona thumba lonse ndi kumene lalowera, ndipo imaona kutupa kwa m'kati mwa fupa, chizindikiro champhamvu chakuti pamalopo padzadyeka. Sikani imalekera pakhungu la fupa. Koma makina a MRI m'dziko muno ali m'mizinda ikuluikulu. Amene anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 anabwera ndi ntchito ya kafukufuku wa malungo a mu ubongo, ya Terrie Taylor ndi anzake, pamodzi ndi katswiri wathu wowerenga zithunzi, Sam Kampondeni, ndipo ndi amene anasonyeza mu 2015 kuti ambiri mwa ana ophedwa ndi malungowa amafa chifukwa ubongo watupa. Makina otere ali ndi mzere wa odwala msana, mutu ndi khansa amene alibe njira ina. Kuchokera ku Biriwiri, kaya munthu alowere ku Lilongwe kaya ku Blantyre, ndi mtunda woposa makilomita 100, kuwonjezapo wom'dikirira, chakudya ndi pogona. Kutumiza mlimi ulendo wotere kuti akaone thumba limene sikani ya ku boma ikanaliona n'kumudyera mbewu ya chaka chamawa. Ndipo akabwerako ndi chithunzi chokongolacho, funso lenileni limakhala lisanayankhidwe.

Funso lake ndi lakuti chatupitsa kathumbako n'chiyani. Tizinthu tonga mpunga tija, timene mabuku a masiku ano amatigwirizanitsa ndi rheumatoid, tinafotokozedwa koyamba mu 1895 mwa odwala TB ya m'mafupa. Khoma lokhuthala, madzi a zinyalala, timadontho ta Doppler, ngakhale fupa lodyeka m'mphepete, zonsezi TB imazichitanso, ndipo imakonda timatumba ta m'chiuno ndi m'phewa. Chotupa cha mphechepeche chija chikhoza kukhala mafinya a TB ya msana amene atsetsereka motsata mnofu. Dokotala wa ku Leiden akaona chithunzi chotere angathe kulemba kuti ndi rheumatoid n'kulondola pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kwawoko TB ndi yosowa. Wa ku Ntcheu akuwerenga chithunzi chomwecho m'dziko limene kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu akuluakulu 8.9 mwa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo TB ndi mlendo wa m'mudzi uliwonse. HIV nayo ili ndi nyamakazi zakezake. Ku chipatala cha UTH ku Lusaka, Panganani Njobvu ndi Paul McGill anafotokoza m'zaka za m'ma 1990 odwala ambiri otupa mawondo, akakolo ndi zidendene chifukwa cha kachilomboka. Ngakhale kuyeza magazi sikumasula mfundoyi kwathunthu, poti chizindikiro chotchedwa rheumatoid factor chimapezekanso mwa anthu a TB, a matenda a chiwindi ndi matenda ena okhalitsa, pamene odwala rheumatoid ena enieni alibe. Kulakwitsa pano n'kodula, chifukwa mankhwala a rheumatoid amagwira ntchito pofooketsa chitetezo. Kubaya mankhwala oletsa kutupa m'kathumba ka TB, kapena kuyambitsa prednisolone munthu wotere, kumamupatsa milungu ingapo ya mpumulo pamene tizilombo tikufalikira thupi lonse.

Palinso zotupa za ntchito, zimene ndi zambiri kuposa zonsezi. Kathumba ka patsogolo pa bondo kamatupa mwa anthu ogwada nthawi yaitali: wokolopa, wozira nyumba, wopalira mbewu m'dimba. Madoda amene anapita ku Joni pa Wenela ankabwera nazo zotupa za m'mawondo ndi m'zigongono chifukwa chokwawa m'migodi. Izi sizikhudzana ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo zimaphwa munthu akapumitsa malowo. Vuto limabwera khungu likabooka, chifukwa kathumbako kali pafupi kwambiri. Kachilonda ka chitsotso cha chimanga n'kokwanira kulowetsa tizilombo, ndipo mphini zotemedwa pachotupa penipeni, kenako n'kupakapo mankhwala otentha kale kukhala makala, ndi khomo lotsegula. Sindikunena izi monyoza amene amatema kapena otemedwa. Munthu amene wauzidwa kuti chithunzi chake chili bwino pamene bondo likumuwawa ayenera kufuna thandizo kwina. Koma kathumba ka mafinya pa sikani kamafanana kwambiri ndi ka rheumatoid, ndipo wodwala rheumatoid, makamaka amene ali pa mankhwala, ndiye amene amagwidwa mafinya mosavuta, mwinanso thupi osatentha.

Chimene chimayankha funso lija ndi singano. Sikani ikapeza thumba, imasonyezanso polasa: woyeza amaona nsonga ya singano pagalasi ikulowa m'madzi, kutali ndi mtsempha wa magazi. Madzi otuluka amanena zimene chithunzi chinalephera. Achikasu oyera, onanda pang'ono, amaloza ku kukhuzika kapena ukalamba. Amatope pang'ono, opyapyala, amaloza ku kutupa kwa mtundu wa rheumatoid. Mafinya amafuna mankhwala opha tizilombo tsiku lomwelo, mwinanso kung'amba. Timiyala tosongoka tooneka pa maikulosikopu ndi ta matenda a gout, amene amakonda chigongono ndi chala chachikulu cha kuphazi. Ndipo madzi omwewo angathe kuikidwa m'makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010 ndipo tsopano ali m'zipatala za maboma, kuti afufuzidwe TB. Makinawa akapeza, nkhani yatha. Akapanda kupeza sizitanthauza kuti mulibe, chifukwa m'madzi otere tizilombo timakhala tochepa, ndipo pamafunikabe kujambula chifuwa, kuyeza HIV, mwinanso kudula kachidutswa ka khoma la thumba. Choyamba pa zonse chimakhalabe kufunsa ndi kugwira. Chotupa chimodzi chokha chimene chakhala chikukula pang'onopang'ono mwa munthu amene akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku chikunena nkhani ina. Timatumba tingapo mbali zonse ziwiri za thupi, mwa mayi amene zala zimamuuma m'mawa uliwonse, tikunena inanso.

Ena anena kuti matendawa ndi osowa mwa anthu akuda a kumudzi, ndipo chipatala chimene chikulimbana ndi malungo ndi uchembere chisatayirepo nthawi. Maganizowa ali ndi pochokera. Mu 1975 ofufuza Peter Beighton, Louis Solomon ndi anzawo anapeza kuti kumudzi wa Phokeng ku South Africa odwala otsimikizika anali pafupifupi mmodzi pa 1,000, pamene ku Soweto anali pafupifupi mmodzi pa 100, ngati ku Ulaya. Koma titenge chiwerengero chotsikacho. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Ngakhale titachotsa theka kuti ndi ana, tikutsala ndi anthu mazana angapo, ambiri ndi amayi a msinkhu wolera ana, amene pakutha pa zaka zochepa sadzatha kugwira mpini wa khasu, kufinya chovala kapena kutakasa nsima. Chinanso, wotsutsayu waiwala kuti sikani sifunika pa rheumatoid yokha. Mwendo wotupa uja uyenera kuunikidwa kaya mwini wake ali ndi matendawa kaya ayi, ndipo luso lake ndi limodzi.

Chitsutso cholimba kwambiri chimachokera kwa akatswiri eni ake. Mu 2016 kafukufuku wa ARCTIC ku Norway ndi wa TaSER ku Scotland anayerekeza odwala amene mankhwala awo ankasinthidwa potsatira sikani ndi amene ankasinthidwa pongowagwira ndi kuyeza magazi. Panalibe kusiyana kwenikweni pa kuchira kwawo; ounikidwa aja anangolandira mankhwala ambiri ndi majakisoni ambiri. Mu 2019 kafukufuku wa IMAGINE-RA ku Denmark anapeza zofanana pa MRI. Umboni umenewu ndi woona ndipo uyenera kumvedwa, koma tione bwino funso limene unkayankha. Odwala ajawa anali atapezeka kale ndi matendawa, TB itachotsedwapo kale, ndipo ankaonedwa pafupipafupi ndi akatswiri amene manja awo anazolowera kupeza kutupa kochepetsetsa. Funso linali lakuti kodi kuunika mobwerezabwereza kumawonjezera kanthu pa chisamaliro chotere. Ku Ntcheu funso ndi lina: munthu wafika koyamba ndi chotupa chosadziwika, kwa woyeza amene saona matendawa kawirikawiri. Phunziro limene ofufuzawa akutipatsa ndi lotichepetsera ntchito. Kuunika kamodzi pachiyambi, ndi kamodzinso ngati mwendo watupa mwadzidzidzi kapena thumba limodzi lakana kuphwa, n'kokwanira. Palibe chifukwa chokwezera munthu minibasi mwezi ndi mwezi kuti akaone chithunzi.

Ndikuvomerezanso kuti sikani ndi yabwino molingana ndi dzanja logwira, ndipo walira mvula walira matope. Anthu athanzi ambiri ali ndi timadzi pang'ono kuchidendene kapena paphewa, ndipo ofufuza a ku Leiden omwe aja anapeza timatumba totupa kuphazi mwa anthu ena opanda matenda alionse. Woyeza wa changu chambiri koma wa maphunziro ochepa akhoza kulemba rheumatoid pa munthu aliyense wa phazi lowawa, n'kumuika pa mankhwala oopsa moyo wake wonse. Koma Malawi ali ndi mbiri yophunzitsa luso lochepa, lolunjika, kwa anthu amene ali kale m'maboma. Kuyambira mu 1985, pamene dokotala wa ku Canada, Ed Blair, anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a za mafupa, ntchito yambiri ya mafupa m'dziko muno yakhala m'manja mwawo. Njira ya sikani yofufuzira TB ya m'mimba ndi mozungulira mtima mwa anthu a HIV, yotchedwa FASH, imene Tom Heller anathandiza kukhazikitsa n'kuiphunzitsa pa Lighthouse ku Lilongwe, imaphunzitsidwa m'masiku ochepa chifukwa imafunsa mafunso ochepa, a inde kapena ayi. Zotupa zathuzi zingatheke chimodzimodzi: kodi muli madzi, kodi khoma lakhuthala, kodi mtsempha ukuphwa, kodi ndilase pati. Chosowa kawirikawiri ndi kachipangizo kamodzi. Mutu wa makina wounikira mimba ndi wokhota, wopangidwira kuona zozama. Woona timatumba ta pansi pa khungu ndi wowongoka, wa mafunde othamanga kwambiri, woposa mamegahezi 7. Kuyambira pamene WHO inalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera aliyense aunikidwe kamodzi milungu 24 isanakwane, makina a sikani akhala akuchuluka, ndipo wogula makina amene amaiwala mutu wachiwiriwo amasiya theka la ntchito yake m'sitolo.

Chomaliza chimene anthu amanena n'chakuti kupeza matenda opanda mankhwala n'kungosautsa wodwala. Zikanakhala zoona zikanakhala kuti mankhwala a rheumatoid ndi majakisoni odula a ku Ulaya okhaokha. Koma mutu wa chithandizo padziko lonse ukadali methotrexate, mapiritsi akale, otchipa, amene ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika, ndipo amathandizana ndi sulfasalazine komanso hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja amene Malawi anamusiya pa malungo mu 1993. Wodwala amene sanapezeke matenda sakhala chabe. Amagula Indocid ndi prednisolone pagolosale zaka ndi zaka, n'kudzafika ndi zilonda za m'mimba, nkhope yofufuma, shuga, kapena TB imene inali itagona. Chimene methotrexate imafuna ndi dongosolo. Imamwedwa kamodzi pa mlungu, osati tsiku ndi tsiku, ndipo amene wasokoneza zimenezi akhoza kufa. Imafuna folic acid pambali, kuyeza magazi ndi chiwindi nthawi ndi nthawi, ndiponso njira yolera yodalirika, chifukwa imawononga mwana m'mimba. Sigwirizana ndi Bactrim, mankhwala amene anthu ambiri a ma ARV amamwa tsiku lililonse. Ziwirizi zikakumana zimatha kuumitsa mafuta a m'mafupa opanga magazi. Choncho asanapereke piritsi loyamba, woyeza ayenera kutsegula kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo tsamba ndi tsamba. Pa Biriwiri zimenezi zili ndi vuto lake, chifukwa wodwala wochokera tsidya la Mozambique akhoza kukhala kuti ma ARV ndi Bactrim wake amalandirira kwawo, khadi lake ndi la Chipwitikizi ndipo walisiya kunyumba, pamene kabuku kamene wagula kuno n'katsopano, kopanda cholembedwa chilichonse. Ameneyu ayenera kufunsidwa pakamwa, mwaulemu ndi paduka, ndi kupemphedwa kuti ulendo wotsatira adzabwere ndi mabotolo a mankhwala onse amene ali nawo m'nyumba.